Mwala Wobisala M'ndowa ya Madzi

 Nkhani yathu lero ndi ya timawanga toyera timene timakakamira pamagalasi a galimoto. Mukutidziwa ndithu. Galimoto yatsukidwa bwinobwino, penti ikuchita kunyezimira, koma dzuwa likangopendeka n'kuwomba galasi cham'mbali, mumaona timizere tozungulira, mbuu, tosanjikizana ngati mamba a chambo. Mukapukuta ndi nsanza yonyowa timazimirira, galasi likangouma tabwereranso pomwepo. Ku Japan, kumene kumachokera galimoto zambiri zoyenda m'misewu yathu, mawanga amenewa amawatchula kuti uroko, kutanthauza mamba a nsomba omwewo. Mfundo imene ndikufuna tigwirizane lero ndi imodzi: chimene mukuonacho si litsiro, ndi mwala. Ndipo popeza ndi mwala, mphamvu za mkono wanu sizikuthandizani. Mwala wa mtundu umenewu umachoka pousungunula, ndipo amene amaukwecha ngati mphika wa nyemba zopserera amachotsa vuto la sabata imodzi n'kudziputira la zaka.

Tiyambe ndi kumene mwalawo umachokera, chifukwa mankhwala ake ali komweko. Mvula ikamagwa imatenga mpweya wa kaboni dayokisaidi mumlengalenga, ndipo ikamalowa m'nthaka imatenganso wina wochokera ku mizu ndi zinyalala zowola. Mpweya umenewu umachititsa madziwo kukhala ndi kaasidi kofooka kwambiri, kosamveka n'komwe palilime. Kaasidi kameneka kakakumana ndi miyala ya laimu pansi pa nthaka kamainyenya pang'onopang'ono, madzi n'kunyamula michere iwiri, kashiamu ndi magineziyamu. Miyala ya laimu si yachilendo kuno: ya ku Changalume, kufupi ndi Zomba, inkapangidwa simenti, ndipo ku Balaka anthu akhala akuwotcha laimu kwa zaka zambiri. Choncho madzi a pamjigo kapena a pachitsime chakuya, amene akhala m'miyala nthawi yaitali, kawirikawiri amatuluka atasenza michere yambiri kuposa madzi a mvula kapena otsika m'mapiri ngati a Mulanje. Kuchigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, kuli mijigo ina imene madzi ake amachita kumveka mchere mkamwa. Madzi olemera ndi kashiamu ndi magineziyamu ndi amene a sayansi amawatchula m'Chingelezi kuti hard water, koma amayi kumudzi anawadziwa kale popanda dzinalo: ndi madzi aja amadya sopo osatulutsa thovu, aja amasiya chikhokho choyera pansi pa ketulo.

Chikhokho cha m'ketulo ndi banga la pagalasi ndi pachibale. M'ketulo, moto ndi umene umalekanitsa laimu ndi madzi. Pagalasi, ntchitoyo imagwiridwa ndi dzuwa. Dontho likatsala pagalasi, madzi amauluka ngati nthunzi, koma mwala sungauluke, umatsala. Ndipo taonani mmene umatsalira. Dontho limayamba kuuma m'mphepete, madzi a pakati n'kumayenderera kupita kumphepeteko atanyamula michere yake, mpaka zonse zitaunjikana m'mbali. N'chifukwa chake banga lililonse limakhala ngati kamphete, m'mbali mokhuthala, pakati popyapyala. Mawa dontho lina likagwera pomwepo, kamphete kakaleko kamaligwira kuti lisatsetsereke, ndipo limaumira pomwepo n'kuwonjezera mwala pamwamba pa unzake. Umu ndi mmene mawanga amakhwimira mwezi ndi mwezi pagalimoto imene mwini wake amanyadira kuti imatsukidwa tsiku lililonse. Akatswiri a madzi amayeza kulemera kumeneku pa lita imodzi, ndipo pa muyeso umene ambiri amagwiritsa ntchito, madzi okhala ndi mamiligalamu osapitirira 60 ndi opepuka, pamene opitirira 180 ndi olemera kwambiri. Tiyerekeze kuti mjigo wanu uli ndi mamiligalamu 200 pa lita. Ndiye kuti ndowa ya malita 20 yabisa magalamu 4 a mwala, osakwana n'komwe supuni yaing'ono. Koma galasi silifuna wambiri kuti lichite mbuu.

Wina anena kuti, kodi zimenezi n'zofunika kuziulutsa pawailesi? Galimoto ikuyenda, mabuleki akugwira, ndiye timawanga tikhale nkhani? Amene amalankhula choncho analiona galasilo masana. Alionenso chisisira, kapena usiku pamsewu wa M1 pamene thiraki ikubwera kutsogolo nyali zili ngwee. Galasi loyera limalola kuwala kudutsa molunjika, nyali ya mnzanu n'kuoneka ngati nyali. Galasi la mawanga limamwaza kuwalako mbali zonse, kamphete kalikonse n'kusanduka kanyali pakokha, galasi lonse n'kuyera ngati chifunga. Maso amathobwa, ndipo chimene chimayamba kusowa m'chifungamo ndi chinthu chakuda chopanda nyali: wakabaza amene wanyamula matumba a makala, mayi wochokera kuchigayo, mwana wothamangitsa mbuzi. Mvula ikamagwa zimanyanya, chifukwa labala wa mawaipa amafuna galasi losalala. Akamadutsa pamwala amadumphadumpha, amalira, amasiya mizere ya madzi, ndiponso amatha msanga. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita opitirira 22 pa sekondi imodzi. Ngati chifunga cha pagalasi chakuchedwetsani sekondi imodzi yokha kuona munthu, mwamuyandikira ndi mamita onsewo phazi lisanafike pabuleki.

Tsono tichotse bwanji? Kumbukirani kuti mwalawu unabwera m'madzi chifukwa asidi anausungunula pansi pa nthaka. Ndiye asidi angaubwezerenso m'madzi. Ndipo asidi woyenera ali kale m'khitchini: viniga woyera wa m'golosale, amene kawirikawiri pa magawo 100 alionse, pafupifupi 5 amakhala asidi. Ngati mukufuna umboni musanakhudze galimoto, palani kachikhokho m'ketulo, kaikeni m'kapu, muthirepo viniga. Muona timathovu tikutuluka, ndipo mukayandikiza khutu mumva kuti sii. Umenewo ndi mpweya uja unathandiza kusungunula mwala poyamba, ukubwerera kwawo. Chotsala ndi mchere wina umene umasungunuka mosavuta, woti madzi wamba amautsuka. Chigoba cha dzira chimachitanso chimodzimodzi, popeza nacho n'chopangidwa ndi mwala womwewu. Galasi lenilenilo viniga salikhudza, chifukwa galasi ndi mchenga wosungunulidwa pamoto, ndipo asidi wa m'khitchini alibe nawo mphamvu mchenga. Apa ndiye pagona ubwino wonse wa njirayi: viniga amasankha. Amadya chimene simukuchifuna n'kusiya chimene mukuchifuna. Waya wokwechera mapoto sadziwa kusankha.

Kachitidwe kake n'kosavuta, koma dongosolo lake musalisinthe. Imikani galimoto pamthunzi, kapena gwirani ntchitoyi m'mamawa, galasi lili lozizira moti mukhoza kuligwira ndi chikhatho osachichotsa. Yambani mwatsuka galasilo ndi madzi ambiri ndi sopo kuti fumbi lonse lichoke. Kenako sakanizani viniga ndi madzi oyera, theka ndi theka. Viikani nsalu yofewa m'menemo, muifinye pang'ono kuti isamachuche, ndipo muiyale pagalasi ngati mmene mumayalira nsalu yonyowa pachipumi cha mwana wotentha thupi. Isiyeni mphindi zisanu kapena kupitirirako pang'ono, ndipo ikayamba kuuma muinyowetsenso. Mukaichotsa, pukutani ndi nsalu yomweyo osadinikiza, tsukuluzani ndi madzi ambiri, kenako pukutani ndi nsalu ina youma mpaka galasi litauma gwa. Mawanga a masabata ochepa amachoka ulendo woyamba. Okhalitsa amafuna kubwereza kawiri kapena katatu, mwinanso ndi viniga wosasungunula. Chimene anthu ambiri amalakwitsa ndi changu: amawaza viniga, n'kupukuta nthawi yomweyo, n'kunena kuti za pawailesi n'zabodza. Koma tawerengani. Theka la kapu ya viniga, mamililita 100, lili ndi asidi wokwanira kusungunula magalamu 4 a laimu, mwala wonse uja unali m'ndowa yathunthu. Ndiye chimene chimasowa pagalasi si mphamvu ya asidi, koma nthawi yoti akhale pamwalapo ali wonyowa.

Kumene viniga kulibe, mandimu alipo. Madzi a mandimu ali ndi asidi wawo amene amagwira ntchito yomweyi, malinga muwasefe kuti nthanga ndi zikhutu zisatsale, ndipo mutsukuluze kwambiri chifukwa amasiya kunanda. Ena amathira zakumwa zoziziritsa kukhosi zakuda zija, ndipo n'zoona kuti muli kaasidi, koma shuga wake amalowa m'mphepete mwa galasi n'kuitana nyerere. Botolo limenelo bola mungomwa. Pali langizo linanso lofala kwambiri loti musakanize viniga ndi soda wophikira. Thovu limene limatuluka pamenepo limasangalatsa maso, munthu n'kumaona ngati mankhwala akwiya. Zoona zake n'zakuti soda amapha asidi. Thovulo ndi chizindikiro chakuti viniga wathera mphamvu zake pasoda m'malo mwa pamwala, ndipo chotsala m'kapumo ndi madzi amchere chabe. Chimodzi chokha chimene ndikuchenjezeni mwamphamvu m'khitchinimo n'chakuti viniga asakumane ndi mankhwala oyeretsera zovala okhala ndi kolorini, monga Jik. Ziwirizi zikasakanizana zimatulutsa mpweya wa poizoni wowotcha m'maso ndi m'mapapo.

Tsopano timve madandaulo a eni galimoto, amene ali ndi mfundo ndithu. Akuti, asidi ndi asidi, kodi sadya penti? Sawononga labala wa m'mphepete mwa galasi? Yankho loona n'lakuti viniga wosungunula, wokhala mphindi zochepa n'kutsukuluzidwa, sabowola penti kapena labala. Chimene amatha kuchita n'kufooketsa polishi amene munapaka papenti, ndipo akaumira padzuwa amasiya mizere yakeyake. Akamakhala nthawi yaitali pazitsulo zopyapyala zokongoletsera, makamaka za aluminiyamu, amazichititsa mbuu. N'chifukwa chake ndati nsalu ifinyidwe, ndipo ndi nzeru kunyowetsa chitseko ndi madzi wamba musanayambe, kuti dontho lililonse lothawa lipeze madzi olisungunula. Magalasi ena amabwera atapakidwa mankhwala othamangitsa madzi a mvula, ndipo viniga wobwerezabwereza angafupikitse moyo wa mankhwalawo. Komabe galasi limene lachita kale mamba mwina mankhwala akewo anafooka kale. Za tinti musade nazo nkhawa kwambiri, chifukwa tinti yomata imakhala mkati mwa galasi pamene mawanga athuwa amakhala kunja. Mukaika zoopsa zonsezi mbali imodzi ya sikelo, n'zazing'ono ndiponso zopeweka ndi ndowa imodzi ya madzi. Tiyeni tione zimene zili mbali inayo.

Mu 1812 katswiri wa miyala wa ku Germany, Friedrich Mohs, anasanja miyala motsata kulimba kwake kuyambira 1 mpaka 10, pa lamulo losavuta lakuti cholimba chimakanda chofewa. Pa muyeso umenewu mwala wa laimu uli pa 3, galasi lili pakati pa 5 ndi 6, ndipo mchenga wa kumtsinje, umene wambiri mwa iwo ndi mwala wa kwatsi, uli pa 7. Manambala atatu amenewa akufotokoza nkhani yonse. Banga ndi lofewa kuposa galasi, kotero palokha silingalikande. Koma fumbi la m'misewu yathu m'chilimwe lili ndi timchenga tolimba kuposa galasi. Nsanza imene yagwa pansi, kapena imene yangochoka kupukuta matayala, yasanduka sandipepa. Munthu akamalimbana ndi banga ndi nsanza yoteroyo, akudinikiza ndi mphamvu zake zonse, banga likhoza kuchoka ndithu, koma m'malo mwake mwalowa timizere tosaoneka masana, toonekera usiku ngati ukonde wa kangaude kuzungulira nyali iliyonse. Zinkhupule zobiriwira zokwechera mapoto n'zoopsa kuposa pamenepa, chifukwa zambiri zimamatidwa timiyala tolimba kufika pa 9. Phulusa, limene limayeretsa mapoto bwino kwambiri, pagalasi n'lolakwika kawiri: limakhala ndi mchenga wa pamafuwa, komanso mwa ilo lokha muli laimu wambiri, ndiye mukuchotsa mwala ndi mwala unzake. Kusiyana kwa banga ndi mzere wokandika n'kwakuti banga lili pamwamba pa galasi, pamene mzere ndi galasi limene lachokapo, ndipo palibe botolo limene lingalibwezere.

Amakaniko ena anganditsutse apa, n'kunena kuti iwo amagwiritsa ntchito lezala kapena waya wofewetsetsa uja wolembedwa 0000, ndipo magalasi amayera osakandika. Sakunama. Chitsulo wamba sichiposa galasi kulimba kwenikweni, ndipo lezala latsopano, logonekedwa pagalasi lonyowa ndi loyera, limatha kupala mwala wokhuthala. Koma taonani zofunika kuti zitheke: lezala likhale lopanda dzimbiri ndi losabenthuka, galasi likhale lopanda kamchenga ngakhale kamodzi, dzanja likhale lozolowera. Chimodzi chikasowa, kamchenga kokodwa kunsonga ya lezala kamalemba mzere kuchokera uku mpaka uko. Magalasi a m'mbali ndi akumbuyo, amene amawotchedwa mwapadera kuti akasweka azinyenyeka ngati chimanga chokonola, nawo sachedwa kuonetsa mizere. Mkati mwa galasi lakumbuyo muli timizere ta magetsi tochotsa nthunzi, timene lezala limadula kamodzi n'kamodzi. Ndipo zotchingira nyali zakutsogolo za galimoto zambiri za masiku ano si galasi ayi, ndi pulasitiki, imene waya uliwonse umaichititsa khungu. Choncho sindikuti njira ya amakanikoyi siigwira ntchito. Ndikuti ndi njira yachiwiri, ya munthu wodziwa, ndipo palibe chifukwa choyambira pamenepo pamene nsalu ya viniga sinayesedwe.

Dandaulo lovuta kwambiri ndi ili: ndaviika, ndadikira, ndabwereza katatu, mawanga ali pomwepo. Zimenezi zimachitika, ndipo sizikugwetsa mfundo yathu, zikungotiuza kuti mwala uli pagalasipo si wa laimu wokha. Madzi a pansi pa nthaka amanyamulanso silika, amene ndi mchenga wosungunuka. Galasi nalo, magawo pafupifupi 70 pa 100 alionse ndi silika. Ndiye silika wa m'madzi akaumira pagalasi lotentha, mobwerezabwereza kwa miyezi, amagwirana ndi mbale wakeyo mpaka kukhala thupi limodzi, ndipo viniga, amene tati sakhudza mchenga, amangodutsa pamwamba. Palinso china: dontho likamauma, madzi otsalawo amanka nakhala aukali ngati madzi a phulusa, ndipo madzi otero amadya galasi pang'onopang'ono, n'kusiya kamphete kolowa mkati. Madzi odontha kuchokera pakonkire, monga pansi pa nyumba yosanja imene ikumangidwa, amachita zimenezi mofulumira kwambiri. Mukhoza kusiyanitsa ndi chala. Mukatsuka ndi kuumitsa galasi, yendetsani nsonga ya chikhadabo pabangapo. Ngati chikukwera kachitunda, mwala udakali pamwamba. Ngati pali posalala koma chithunzi cha kamphete chikuonekabe, kapena chikhadabo chikugwera m'kadzenje, ndiye kuti galasi lenilenilo ladyeka.

Pamenepo mpamene kupukuta ndi mankhwala okhula kumaloledwa, koma ndi ufa wopangidwira galasi. Wodziwika kwambiri ndi cerium oxide, ufa wofiirira pang'ono umene opanga magalasi a maso ndi akalilole amasalazira ntchito yawo. Amausakaniza ndi madzi kukhala ngati phala, n'kumaupukutira ndi kansalu kokhuthala, pamanja kapena pamakina, galasi lili lonyowa nthawi yonse. Ufawu umachotsa kachikopa kopyapyala kwambiri ka galasi lenilenilo, ndipo n'chifukwa chake uli ndi malire. Mukakhalitsa malo amodzi mumakumba kabeseni kosaoneka ndi maso, kamene kamapotoza zinthu ngati pansi pa botolo, mzere wa pamsewu n'kumaoneka wokhota pamene uli wowongoka. Galasi lakutsogolo ndi magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati, ndipo makina akalitenthetsa malo amodzi likhoza kung'aluka. Ngati kudyekako kuli kozama, ndiponso kuli moyang'anizana ndi maso a dalaivala, kunena zoona galasi limenelo latha ntchito. Mawu amenewa ndi owawa kwa mwini minibasi amene akuwerengera ndalama ya tsiku, koma palibe ufa umene ungawafewetse.

Nanga mabotolo a m'sitolo olembedwa kuti amachotsa mawanga a madzi pa mphindi imodzi? Ambiri ndi abwino: muli asidi wofatsa, kapena ufa wosalala, kapena zonse ziwiri, ndipo amakhala okhuthala kuti asamatsetsereke pagalasi. Koma tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo. Mukaona mawu akuti hydrofluoric acid kapena ammonium bifluoride, amene amapezeka makamaka m'mankhwala ena otsukira malimu ndi aluminiyamu, libwezeni pashelefu. Ameneyu ndi asidi amene amadya galasi lenilenilo. Ndi amene amalembera maluwa pamagalasi a zitseko. Amachotsa silika chifukwa amasungunula banga ndi galasi lomwe, ndipo akachedwa pang'ono amasiya chifunga chosachokanso. Pakhungu ndi woipa koposa, chifukwa wosungunula sapweteka nthawi yomweyo. Amalowa mwakachetechete, ululu n'kudzayamba patapita maola, atafika kale mkati. Amene amavulala si bwana amene anagula botolo, ndi mnyamata amene akutsuka ndi manja opanda magolovesi. Asidi wa m'batire nayenso asayandikire galasi. Kuwonjezera pa kuwotcha khungu, zovala ndi penti, akakumana ndi laimu amapanga mwala wina wosasungunuka bwino m'madzi, ndiye mwaika moyo pachiswe kuti musinthanitse banga ndi banga.

Ngati mwatsatira mpaka pano, mwaona kuti vutoli limakula ndi nthawi: sabata yoyamba ndi la viniga, pakatha miyezi ndi la ufa wa akatswiri, pakatha zaka ndi la wogulitsa magalasi. Ndiye funso lenileni n'lakuti, ndani ayambe kufika padontho, nsalu kapena dzuwa? Mwala umatsala pokhapokha madzi akauma okha. Madzi omwewo a pamjigo, akachotsedwa pagalasi adakali madzi, amapita ndi mwala wawo. Apa mpamene chizolowezi cha malo ambiri otsukira galimoto chimalakwira. Galimoto imatsukidwa pamtetete masana a mwezi wa Okutobala, amaithira ndowa yomaliza, kenako mnyamata amathamangira kukapukuta m'kati, kukuntha makapeti, kupaka matayala, magalasi n'kudzawakumbukira pomaliza atauma kale. Sindikuwanena anyamatawa, amalipidwa pa galimoto iliyonse, ndipo mthunzi sasankha okha. Koma kusintha dongosolo sikudya ndalama. Tsukani mbali imodzi, tsukuluzani, pukutani magalasi ake nthawi yomweyo, kenako pitani mbali inayo. Kachipangizo ka labala kokokera madzi pagalasi, kaja amagwiritsa ntchito pamalo omwetsera mafuta, kamachotsa madzi pafupifupi onse pa kukoka kuwiri kapena kutatu, nsalu youma n'kumalizitsa m'mphepete. Ngakhale labala wa waipa yakale, malinga akhale wosang'ambika ndi wotsukidwa bwino, amagwira ntchito imeneyi.

Wina ati, ife kwathu madzi ndi a pamjigo basi, tichite bwanji? Simukufunika madzi opepuka a galimoto yonse. Tsukani ndi a pamjigowo, koma sungani chigubu chimodzi cha madzi a mvula choti muzitsukuluzira magalasi pomaliza. Mvula yoyamba ilekeni itsuke kaye fumbi la padenga, mutunge yotsatira. Kuwiritsa madzi kumagwetsa gawo lina la laimu, lija limatsala m'ketulo, koma sikuchotsa michere yonse, ndipo makala ake ndi odula kuposa phindu lake. Muyang'anenso kumene mumaimika galimoto. Mipopi yowaza kapinga pamaofesi ndi pamalo ogona alendo nthawi zambiri imakoka madzi a pamjigo, ndipo imawaza timadontho ting'onoting'ono m'mawa uliwonse, dzuwa n'kumaumitsa tsiku lonse, mbali imodzi yokhayokha ya galimoto. Mukaona kuti magalasi a kumanzere achita mamba pamene a kumanja ali bwino, musafunse wotsuka, funsani pamene mumaimika. Mvula yowaza ya chiperoni nayo, ngakhale madzi ake ndi opepuka, ikagwera pagalimoto ya fumbi imasungunula michere ya m'fumbilo n'kuisiya m'timphete. Mawanga amenewo ndi osavuta, malinga asagonerepo masabata.

Pali malo amodzi amene mwala umabisala mwini galimoto n'kumaunyamula yekha kulikonse kumene akupita: kathanki ka madzi a mawaipa, pansi pa boneti. Ambiri timathiramo madzi alionse amene ali pafupi, ena n'kuwonjezeramo sopo waufa. Sopo akakumana ndi kashiamu amapanga zinyenyeswa zoterera zija zimatsala m'mbali mwa beseni losambira, ndipo zimenezi, pamodzi ndi laimu, zimatseka timabowo totulutsira madzi. Choipa kwambiri n'chakuti nthawi iliyonse mukakoka kandodo ka mawaipa muli paulendo, mukuwaza madzi a mwala pagalasi lotentha, mphepo n'kuwaumitsa pa masekondi ochepa, makamaka m'makona mmene labala safika. Yang'anani galasi lanu lakutsogolo mawa m'mawa: mupeza kuti mamba okhuthala ali kunja kwa uta umene mawaipa amajambula. M'kathankimo muzithira madzi a mvula osefa, kapena madzi aja amagulitsa m'mabotolo owonjezera m'batire, amene anachotsedwa michere yonse. Pogula nenani momveka kuti mukufuna madzi a batire, osati asidi wa batire, chifukwa n'zosavuta kusokoneza ziwirizi. Ngati timabowoto tatsekeka kale, kansingano kopyapyala ndi madontho angapo a viniga zimatitsegula, ndipo kathankiko mukakhuthule, mukatsukuluze kawiri musanathiremo madzi atsopano.